Kumtunda kwa munda wanga ku Lirangwe chimanga chikuyera masamba, pansi pali timiyala toyera: ndithire laimu?

Mayi wa ku Chirimba analemba:

Moni alimi anzanga. Nkhani iyi yandisowetsa tulo sabata yonse, ndiye mundilole ndilembe motalikirapo kuti odziwa za nthaka aone chimene ndikuona ine.

Ndimakhala ku Chirimba, ndimagulitsa kaunjika ku Limbe, koma nsima ya pakhomo panga imachokera ku Lirangwe, pa munda wa maekala awiri umene anandisiyira malemu amayi. Ndimapitako Loweruka, masiku enawa amaonako ndi mlongo wanga. Mundawu uli pawiri. Kumunsi, chakukhwawa, dothi ndi lakuda ndi lofewa, ndipo chimanga chake panopa chandifika m'chiuno, chili biriwiri. Kumtunda, mwina theka la ekala, dothi ndi lotuwa ngati analisakaniza ndi phulusa. Ukamalima umafukula timiyala toyera, tina ngati nzama, tina ngati dzira la nkhunda. Ukatimenya ndi msana wa khasu timaphwanyika n'kusiya ufa m'manja. Mvula ikagwa, dzuwa n'kuwomba masiku awiri, pamwamba pa mzere pamauma gwa ngati nkhoko za mumphika. Nyemba zimene ndinadzala pamenepo zambiri zinapindikira pansi pa nkhokozo, ndinachita kuzitsegulira ndi chala imodziimodzi.

Chimanga chakumtundako ndinadzala tsiku limodzi ndi chakumunsi, mbewu yake imodzi, feteleza wake mmodzi, koma sichinafike n'komwe m'mawondo. Masamba atsopano, otuluka kumene pamtima, ali ndi mizere yoyera mbali iyi ndi iyo ya msempha wapakati. Mfundo za phesi zayandikana ngati za nzimbe yopinimbira. Masamba ena apansi m'mphepete mwake mwachita mtundu wofiirira ngati nthudza. Mtedza umene uli pambali pake masamba akunsonga ndi achikasu mbuu, koma misempha yake ikadali yobiriwira, ukayang'anitsitsa ngati kaukonde. Pali mtengo wa mandimu umene ndinadzala mu 2021, mpaka lero sunapitirire paphewa panga, chikasu chokhachokha. Chondidabwitsa n'chakuti mapira ndi nandolo za aneba, malire omwewo, zikukula popanda vuto.

Lachiwiri ndinatenga masamba angapo kupita nawo ku shopu ina yogulitsa zipangizo zaulimi m'tauni muno. Mnyamata wogulitsayo sanafunse n'komwe kuti munda uli kuti. Anangoti nthaka ya ku Malawi yonse inachita asidi chifukwa cha feteleza, mankhwala ake ndi laimu. Ndinagula matumba awiri, ndalama yomwe ndinasungira fizi ya mwana. Matumbawo ali pakhonde, sindinathire, chifukwa usiku ndinakumbukira mawu a amayi. Iwo malo amenewo ankawatchula kuti pa njereza, ndipo chimanga sankadzalapo, ankadzalapo mapira n'kumatutirapo manyowa a mbuzi. Agogo anga aamuna nawonso ankaphwanya miyala yoyera cha kufupi komweko n'kumaiotcha mu uvuni, kugulitsa njereza yopaka nyumba.

Ndiye funso langa ndi ili: ngati pansi pali kale njereza, laimu ndi wa chiyaninso? Kapena njereza ndi laimu wa m'munda ndi zinthu ziwiri zosiyana? Ndithandizeni Loweruka lisanafike.

Achimwene a ku Ndirande anayankha:

Mayi, thirani laimuyo musachedwe. Ine kwathu ku Thyolo ndinathira dzinja lathali ndipo chimanga chinasintha aliyense anaona. Muwonjezerenso phulusa. Komanso muonetsetse feteleza amene munagulayo, masiku ano ena akusakaniza ndi mchenga.

Mphunzitsi wa zaulimi, Lunzu anayankha:

Mayi, matumbawo asatsike pakhondepo kaye. Achimwene a ku Ndirande sakunama za munda wawo. Dothi lofiira la ku Thyolo, kumene kumagwa mvula yambiri, nthawi zambiri limakhaladi la asidi, n'chifukwa chake tiyi amakondako, ndipo laimu amathandiza kumeneko. Koma Lirangwe si Thyolo. Ndi kotsika, kotentha, mvula yake ndi yocheperapo, ndipo mwanena nokha kuti agogo ankaotcha miyala ya njereza pafupi ndi mundawo.

Pitani mawa ngati mungathe, musadikire Loweruka. Mugule kabotolo ka viniga woyera wothira m'chipisi uja. Mutape dothi louma lakumtunda pang'ono, lakumunsi pang'ono, ndi timiyala tiwiri titatu, chilichonse pa sosala yakeyake. Mudonthezere viniga. Muyang'ane ngati patuluke thovu, ndipo muike khutu pafupi, chifukwa nthawi zina thovu silioneka koma kaphokoso kamamveka. Mukumbenso dzenje limodzi kumtundako lofika m'chigongono, mutiuze zimene mupeze pansi. Mufunsenso mlongo wanu mmene anathirira yureya: anakwirira kapena anangoika pamwamba?

Mayi wa ku Chirimba anayankha:

Aphunzitsi, ndatseka benchi lero ndapita. Ndangofika kumene, miyendo ili fumbi lokhalokha.

Dothi lakumunsi nditathira viniga linangonyowa basi, zii. Lakumtunda linachita thovu laling'ono ngati la Fanta amene wakhalitsa m'kapu, ndipo kukhutu limamveka kuti tsiii. Koma kamwala kaja! Kanawira thovu mpaka kusefukira m'mbali mwa sosala, ana a mlongo wanga anasonkhana kudzaona. Ndinabwereza katatu ndi timiyala tosiyana, zomwezo.

Dzenje takumba. Kuyambira pamwamba mpaka kuzama ngati chikhatho ndi theka dothi ndi lotuwa, timiyala apa ndi apo. Kupitirira pamenepo timiyala tachuluka mpaka kugwirana, khasu limangolira n'kudumpha. Tinazula phesi limodzi lapafupi: mizu yake inatsika pang'ono kenako n'kukhotera m'mbali, ngati yafika pa simenti.

Za yureya mlongo wanga wavomera kuti sanakwirire. Anali yekha, anangoika pambali pa phesi ndi chitsekerero cha botolo, akuti kumwamba kunali mitambo ankaganiza kuti mvula igwa usiku womwewo. Siinagwe mpaka patatha masiku asanu ndi limodzi. Wokulitsa uja, 23:10:5+6S+1Zn, linali thumba limodzi munda wonse. Ndipo ndiulule chinthu china. Zaka zitatu zapitazi phulusa lonse la pa mbaula ndi pa mafuwa takhala tikukathira kumtunda komweko poganiza kuti tikudyetsa nthaka yofooka. Chaka chino ndinapanganso feteleza wa Mbeya, wa madeya, chitosi cha nkhuku ndi phulusa uja, ndipo wambiri ndinaika komweko.

Mphunzitsi wa zaulimi, Lunzu anayankha:

Zikomo mayi pochita zimenezi, mwatipatsa poyambira. Amayi anu ankaidziwa nthaka yawo. Timiyala timeneto ndi laimu weniweni, amene m'mabuku amamutcha calcium carbonate. Mwala wotere akauotcha ndiye umatuluka njereza yopaka nyumba, akangoupera osaotcha umakhala laimu wa m'munda ngati amene ali pakhonde panuyo. Thovu munaliona lija ndi mpweya wa carbon dioxide umene umatuluka asidi wa mu viniga akakumana ndi laimu. Dothi la asidi silingachite thovu limenelo, chifukwa mukanakhala asidi, bwenzi atadya kale timiyalato. Ndiye kuthira matumba anuwo kumtunda kuli ngati kutunga madzi kukathira mu Shire.

Nthaka timaiyeza ndi sikelo yotchedwa pH. Pa 7 ndi pakatikati, kutsika pamenepo ndi asidi. Chimanga chimakonda cha pa 6 mpaka 7. Dothi lokhala ndi laimu wochita thovu chonchi kawirikawiri limakhala pakati pa 7.5 ndi 8.4, ndipo silisunthika wamba pamenepo. Vuto lake silakuti mulibe chakudya. Chakudya chilimo, koma chatsekeredwa, mizu ikulephera kuchitenga. Nditenge zimene mwaona chimodzichimodzi.

Mtedza ndi mandimu zikusowa ayironi. Ayironi m'dothimo ndi wambiri, koma pH ikakwera ndi sitepe imodzi yokha, kusungunuka kwake m'madzi kumatsika pafupifupi ka 1,000. Ndipo ayironi akalowa m'tsamba sasamukanso kupita ku tsamba lina, n'chifukwa chake masamba akale amakhala obiriwira pamene atsopano akutuluka achikasu ndi misempha yobiriwira. Apa ndi pamene ambiri timasokonezeka n'kuthamangira yureya. Njala ya nayitrojeni imayambira masamba apansi, kuchokera kunsonga kutsata msempha wapakati, chifukwa mbewu imalanda chakudya ku masamba akale kupatsa atsopano. Chikasu choyambira kumwamba si cha yureya. Mudzaonanso kuti chimakula mvula ikagwa mowirikiza, chifukwa dothi likakhuta madzi mpweya sutuluka, ndipo m'madzi a m'dothimo mumachuluka bicarbonate, mchere wochokera ku laimu, amene amalepheretsa mizu kukoka ayironi. Kukachita ng'amba pang'ono masamba amabiriwirako okha.

Mizere yoyera pa chimanga ndi mfundo zoyandikana zija zikuonetsa njala ya zinki. Iyenso amamangika pH ikakwera, ndipo amakakamira pa timiyala ta laimu. Zoona wokulitsa wanu ali ndi zinki, koma 1Zn ija ikutanthauza gawo limodzi pa 100. M'thumba la makilogalamu 50 muli theka la kilogalamu, ndiye inu mwaligawa maekala awiri. Kumunsi zakwanira chifukwa dothi likuwonjezera lake. Kumtunda zangolowa n'kumangidwa.

Kufiirira kwa masamba apansi ndi fosiforasi, nambala yapakati ija pa thumba. Akakumana ndi kashiyamu wochuluka wa mu laimu amagwirana naye n'kusanduka zinthu zosungunuka movutikira, ndipo pakamapita masabata zimalimbirabe. Pa nthaka yotere feteleza womwaza ndi wotayika. Aikidwe malo amodzi, m'kadzenje pambali pa phando, kuti akhudzane ndi dothi lochepa.

Yureya ndiye wandimvetsa chisoni. M'thumba lake magawo 46 pa 100 ndi nayitrojeni, koma akakhala pamtunda pa dothi la laimu, lonyowa pang'ono, dzuwa la ku Lirangwe likuwomba, amasanduka mpweya wa amoniya, fungo lija la m'khola la mbuzi, n'kuuluka. Masiku asanu ndi limodzi ndi okwanira kutaya gawo lalikulu. Musamukalipire mlongo wanu, ambiri amatero, ndipo pa dothi lina chitayiko chimakhala chocheperapo. Koma pamenepo lamulo ndi kuboola ndi kamtengo kuzama ngati chala, kuthira, kukwirira. Ena adzakuuzani kuti gulani sulphate of ammonia poti ali ndi asidi. Ndi wabwino, ali ndi nayitrojeni 21 ndi salufa 24 pa 100, koma nayenso mukamusiya pamtunda pa dothi la laimu amauluka kwambiri. Feteleza wa CAN ndiye sataya kwambiri chotero.

Phulusa lekani kuthira kumeneko. Phulusa la nkhuni limagwira ntchito ngati laimu, limakweza pH. Mbeya wa kumtundako muzipanga wopanda phulusa.

Wina akhoza kufunsa kuti bwanji osangothira chinthu cha asidi kuti laimuyo athe. Tiwerengere limodzi. Dothi la pamwamba pa ekala imodzi, kuzama masentimita 15, limalemera matani pafupifupi 800. Ngati laimu ali gawo limodzi lokha pa 100, ndiye matani 8. Kuti asungunuke pamafunika salufa wolemera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a laimuyo, kutanthauza matani awiri ndi theka, matumba 50. Ndipo dothi lowira thovu ngati lanulo laimu wake amaposa pamenepo kutali. Palibe mlimi wa ife amene angakwanitse. Nthaka imeneyo simungaisinthe mtundu, mungoisamalira monga ilili.

Za chaka chino: ngati mungapeze zinc sulphate m'mashopu a zaulimi, sungunulani magalamu 5 pa lita imodzi ya madzi, ndiye magalamu 80 mu sipuleya ya malita 16, mupopere masamba a chimanga madzulo dzuwa litapepa. Mtedza mungaupopere ferrous sulphate, amene ndi mankhwala a ayironi, pa mlingo womwewo, koma pamafunika kubwereza pakatuluka masamba ena, poti ayironi sayenda m'mbewu. Yambani ndi mizere iwiri, mudikire masiku atatu, muone ngati sanawauke. Ferrous sulphate yemweyo musamuthire m'dothi, amamangidwa msanga.

Bambo wa ku Ngabu anayankha:

Mwana wanga, ndawerenga zonse ndipo ndaona ngati ukunena za kwathu kuno. Ine ndakalambira pa makande. Aphunzitsi afotokoza za m'kati mwa dothi, ine ndinene za khasu.

Makande athu kuno ndi akuda, chilimwe amang'aluka mpaka phazi la mwana kulowa, dzinja amamata ngati ulimbo. Koma ukakumba pansi umapeza timiyala toyera tomweto. Ndiye usaganize kuti dothi la laimu limakhala lotuwa lokha, likhoza kukhala lakuda bii. Ngakhale pa chulu chakale ukachigumula umatipeza nthawi zina, ndipo chimanga cha pamene anasalaza chulu chimatha kuyera masamba chimodzimodzi chaka choyamba.

Makolo athu sankalimbana ndi dothi limeneli. Ankadzala mapira, mchewere ndi thonje, ndipo mpaka lero ndi zimene zimatipulumutsa kuno chaka cha ng'amba. Amayi ako sankadzala mapira pamtundapo chifukwa chosadziwa kukoma kwa chimanga ayi.

Za nkhoko zija. Dothi lotere likaphikidwa ndi madontho a mvula pamwamba pamatsekeka, madzi m'malo molowa amathamanga n'kukokolola. Mankhwala ake ndi kuphimba. Mapesi usatenthe, uwayale pakati pa mizere, udzu wa m'malire uyalenso. Pamene pali chophimba nkhoko sizigwira, ukavundukula umapeza pali chinyezi ndi nyongolotsi. Ndiye manyowa. Osamwaza munda wonse, sangakwane. Kumba maenje nthawi ya chilimwe, uboole pamene pagwirana timiyalapo ndi piki, m'dzenje lililonse manja awiri a manyowa owola bwino, usakanize ndi dothi lapamwamba. Timiyala totuluka pansi usatimwaze m'munda, utole ukaunjike m'malire. Ndinaonapo munthu atalowetsa thirakitala kulima mozama pa dothi lotere, anatembenuza zoyera zonse kubwera pamwamba, munda unafooka kuposa kale.

Chimodzi uyang'anenso. Kuno ku Chikwawa tili ndi malo ena oyera pamwamba koma si laimu, ndi mchere. Amenewo ukalawa dothi limawawa mchere, limachita ngati ufa wowaza nthawi ya chilimwe, ndipo ngakhale mapira amakana. Poti wati mapira a aneba ali bwino, sindikuganiza kuti ndi zimenezo, koma ulawe pang'ono kunsonga kwa lilime udziwe.

Achimwene a ku Ndirande anayankha:

Pepani mayi, ndinafulumira kuyankha. Viniga ameneyu ndikayesanso kwathu ndisanagule laimu wina.

Mphunzitsi wa zaulimi, Lunzu anayankha:

Achimwene, viniga amangokuuzani ngati laimu alimo. Kukhala zii sikutanthauza kuti dothi ndi la asidi, likhoza kukhala pakatikati. Izi zikukhudzanso kumunsi kwa munda wanu mayi: musathireko matumbawo chifukwa choti sikunachite thovu. Chimanga chikukula bwino kumeneko, chisiyeni. Mukakolola mutape dothi malo khumi kumtunda, musakanize mu ndowa yoyera, mutengepo theka la kilogalamu. Kumunsi muchitenso chimodzimodzi, m'pepala lakelake. Ku Bvumbwe Research Station amayeza nthaka, ndipo kuchokera ku Limbe si kutali. Mlangizi wa dera lanu akhoza kukuuzani katumizidwe kake. Mukawapemphe akuuzeni pH, fosiforasi ndi zinki, ndipo muwauze kuti dothi lina likuwira ndi viniga, chifukwa fosiforasi wa dothi la laimu ali ndi kayezedwe kake, kotchedwa Olsen.

Bambo a ku Ngabu anena zoona pa manyowa, ndipo chifukwa chake ndi ichi: manyowa akamawola amatulutsa tiasidi tofooka pafupi ndi mizu, ndipo zowolazo zimagwira ayironi ndi zinki kuti laimu asawamange. Amabweretsanso zinki ndi fosiforasi wawo. Ndiwonjezere kuti mapira ndi opirira chilala ndi dothi losaya, koma nawonso laimu akachulukitsa amatha kuchita chikasu, ndiye manyowa musawamane. Mtedza ndi soya zipite kumunsi.

Mayi wa ku Chirimba anayankha:

Bambo a ku Ngabu, mawu anu andikumbutsa amayi atasenza dengu la manyowa a mbuzi kukwera kumtunda kuja mwezi wa Okutobala, ife tikudandaula kuti akutivutitsa. Nditatenga mundawo ndinasiya zonsezo, ndinkati mapira ndi chakudya chachikale ndipo mbalame zimavuta. Zaka zinayi ndakhala ndikuthira feteleza wogula modula pamalo pamene iwo ankangothira za m'khola.

Dothi ndalawitsa mlongo wanga pa foni, akuti silikuwawa mchere, likungokhala ngati choko m'kamwa.

Matumba a laimu ndinabwerera nawo ku shopu kuja m'mawa uno, ndinatenganso kamwala ndi viniga. Ndinathira pa kauntala pomwepo, mnyamata uja anaona thovu ndi maso ake, koma akuti katundu wotuluka sabwezedwa. Zandiwawa, chifukwa akanangondifunsa funso limodzi lokha, kuti munda uli kuti, bwenzi fizi ya mwana ilipo. Mnzanga wa pa benchi yoyandikana nane kwawo ndi ku Mulanje, dothi lawo anayezetsa ndipo anauzidwa kuti likufuna laimu, ndiye wavomera kutenga matumbawo n'kumandipatsa pang'onopang'ono.

Zinc sulphate ndapeza paketi ya kilogalamu imodzi. Loweruka madzulo tipopera mizere iwiri monga mwanenera aphunzitsi, ndipo theka la thumba la yureya limene linatsala tikwirira ndi kamtengo, ine ndemwe ndikhalapo. Mbuzi zinayi za mlongo wanga zimagona pa khonde la khitchini, manyowa ake amangosesedwa kutayidwa kudzala. Tagwirizana kuti amange khola la m'mwamba kuti tizitolera pansi pake. Chaka chamawa kumtunda kubwerera mapira ndi nandolo.

Chatsala ndi mtengo wa mandimu uja. Ndinaudzala pamene panali nkhokwe ya amayi, ndiye kuuzula mtima sukufuna. Aphunzitsi, ndikaukumbira mozungulira n'kuthiramo manyowa ambiri ungapulumuke pomwepo, kapena ndiusamutsire kumunsi mvula ino isanathe? Msinkhu wake ndi wofika paphewa, thunthu lake ngati mpini wa khasu.